Uphungu wa za maganizo pa kachipatala kena mu Blantyre: m'chipindamo muli bwino, vuto lili pabenchi

Anthu angapo akutchalitchi kwathu ndi anzanga akushopo akhala akundifunsa ngati kumene ndinkapita Lachitatu masana kuja kunandithandiza kapena ndinangotayako ndalama. Amafunsa akaona kuti palibe wina akumva, ndipo ambiri amati akufunsira mlamu wawo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense awerenge payekha pafoni yake. Malowo sindiwatchula dzina, chifukwa pali zingapo zimene ndidandaule ndipo sindikufuna kuti mayi amene anandithandizawo aimbidwe nazo mlandu pantchito. Ndi kachipatala kolipira ka mu Blantyre muno. Kamaona matenda onse, malungo, BP, sikelo ya ana, ndipo kumapeto kwa khonde lake kuli kachipinda ka uphungu wa za maganizo.

Ine ndine wowotcherera. Ndimapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, nthawi zina mbaula. Mpaka mwezi wa Malichi 2023 ndinkakhala ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Amene muli ku Malawi kuno mwamva kale pamene nkhaniyi ikulowera. Namondwe wa Freddy atalowanso kumtunda cha ku Quelimane ku Mozambique, mvula inagwa masiku osaleka, ndipo cha pa 12 ndi 13 Malichi phiri linatsika ndi matope, miyala ndi mitengo. Dziko lonse linataya anthu oposa 1,000 tikawerengera amene sanapezeke, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza masiku 14 okhuza maliro. Pakati pa anthu amenewo panali mng'ono wanga, amene ankagona m'kanyumba ka kuseri. Tinamukumba tokha ndi makasu, ine ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Za usiku umenewo ndilekere pomwepa.

Chodabwitsa n'chakuti kumsasa, kusukulu kumene anatisunga, ine ndinali mmodzi mwa olimba. Ndinkatunga madzi, kuthandiza kugawa ufa, kunyamula okalamba. Titapeza nyumba ya lendi dera lina kutali ndi phiri, ndinabwerera kuntchito ndipo aliyense ankati bamboyu ngolimba mtima. Zinthu zinayamba kusokonekera mvula yoyamba ya Novembala itagunda malata. Ndinangopezeka ndili panja, mwana kumanja, ndikukuwa kuti tulukani, chonsecho kanali kamvula kowaza fumbi. Kuchokera pamenepo tulo tinatha. Ndinkagona nsapato zili kuphazi. Usiku ndinkadzuka kukagwiragwira khoma kuti ndimve ngati lanyowa. Thiraki ikamakhuthula miyala pamalo omanga, phokoso lake lija linkandiumitsa thupi, thukuta kamukamu, ndipo fungo la dothi lonyowa, limene ena amalikonda, ine linkandichititsa nseru. Kunyumba ndinasanduka wolusa. Mwana akagwetsa mbale ndinkakalipa mpaka iye n'kuthawira kwa aneba.

Zimenezo n'zopweteka, koma zimene zinkandimaliza ndi pakamwa pa anthu. Kushopo anandipatsa dzina lakuti a Namondwe. Kukachita mitambo wina ankati, "Auzeni a Namondwe akwere padenga," onse n'kufa nazo kuseka. Ndikanena kuti tilowetse makina mvula ikubwera, yankho linali lakuti wamisala anaona nkhondo. Mkulu wina wa mpingo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mantha ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, ndisale kudya. Apongozi anga aakazi anali ndi zawo: amati mzimu wa mng'ono wanga ukundifuna chifukwa maliro ake anayenda mothamanga, ndipo anapeza kale munthu woti akandione. Amalume anga anangoti mwamuna salira, ndipo anandiwerengera mayi wina amene anataya ana atatu koma ali pamsika kugulitsa tomato. Panalinso aja amene sanakhalepo ku Chilobwe, amene amati munazifuna dala, munamangiranji m'phiri, ngati kuti munthu wa lendi ya ndalama zochepa amasankha pakati pa Soche ndi Namiwawa. Ndipo wina anandiuza pamaso kuti ndikudzidwalitsa n'cholinga choti mabungwe andilembe pa mndandanda wa zaulere.

Amene anandilozera kukachipatalako ndi namwino wina amene ndinamupangira geti. Anandiona ndikuponya pansi chowotcherera galimoto ya mchenga itadutsa, ndipo sananene chilichonse mpaka tsiku lolipira, pamene anandilembera nambala kuseri kwa lisiti.

Kupangana tsiku n'kosavuta. Mumaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp, amakuyankhani tsiku lomwelo, ndipo mutha kulipira kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money. Mtengo wa ulendo umodzi, panthawi imene ndinkayamba, unali pafupi ndi phindu limene ndimapeza pa felemu imodzi ya chitseko. Kwa wina ndi zochepa, kwa ine zinali zolemera ndithu, makamaka poti kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zitsulo zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Nditafotokoza, mlangiziyo anakalankhula ndi akuofesi ndipo anandichotserako. Izi sazilemba pakhoma, muyenera kufunsa nokha.

Tsopano benchi. Kachipindako kali kumapeto kwa khonde, ndipo benchi yodikirirapo ili moyang'anizana ndi pamene amayi a sikelo amakhala. Pachitseko anakhomapo chikwangwani cha Chingerezi cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti muno ndi mwa matenda a maganizo. Aliyense wodutsa kupita kokayezetsa magazi amawerenga chikwangwani, kenako n'kukuyang'ana iwe, kenako n'kuwerenganso chikwangwani. Tsiku loyamba mtsikana wa patebulo lolandirira anthu anandifunsa mokweza, khamu lonse likumva, kuti, "Bambo, inu ndi a mentolo?" Ndinati eya chapansipansi. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anakokera mwana wake mbali ina. Blantyre ndi mudzi, ndipo sipanapite nthawi yaitali ndisanakumane pabenchi imeneyo ndi mkazi wa mnzanga wakushopo. Kutacha nkhani inali itafika kale: a Namondwe ayamba sukulu yokonzekera ku Zomba.

Ndikuchedwa pa benchiyi chifukwa ndikudziwa amuna awiri amene anafika pakhonde limeneli n'kubwerera osalowa. Munthu wa vuto ngati langali chimene amaopa kwambiri ndi maso a anthu, ndiye chipatala chimene chikufuna kumuthandiza chikumukhazika pamalo pamene maso onse akuthera. Kukonza kwake sikufuna ndalama. Kuchotsa chikwangwani n'kulembapo nambala ya chipinda basi, kusuntha benchi kupita kuseri kumene kuli mtengo wa mango, ndi kuphunzitsa wa patebulo kufunsa motsitsa mawu. Ndinanena zimenezi kwa mlangiziyo, iye anati anazinenapo kale kwa akuluakulu. Pamene ndinkamaliza, chikwangwani chinali pomwepo.

Ukalowa n'kutseka chitseko, zinthu zimasintha. Muli mipando iwiri yofanana, palibe tebulo pakati, ndipo mayiwo savala yunifolomu. Ndi mayi achikulire, olankhula pang'onopang'ono, Chichewa chawo chomveka kuti ndi a ku Mulanje kapena Thyolo. Anandifunsa kuti ndikufuna kukhala mpando uti. Ndinasankha woyang'ana kukhomo, iwo anangogwedeza mutu. Patapita nthawi anandiuza kuti pafupifupi aliyense wa vuto limeneli amasankha mpando umenewo.

Ndinkayembekezera malangizo ngati a ankhoswe, akuti bambo limbani mtima, iwalani, moyo ndi choncho. Sananene ngakhale chimodzi mwa zimenezo. Ulendo woyamba wonse anangofunsa mafunso: mumagona bwanji, mumalota chiyani, ndi malo ati amene mumawalambalala, mowa mwaonjeza kapena ayi, munaganizapo zodzipha. Funso lomalizali analifunsa mosapita m'mbali, maso ali pa ine, ndipo ndinaona kuti analifunsapo anthu ambiri. Pamapeto anandiuza kuti zimene ndafotokozazo azachipatala amazitcha PTSD, ndipo anazigawa momveka: kubwereranso kwa zoopsazo m'maloto kapena masana ngati zikuchitika pompano, kupewa chilichonse chokumbutsa, thupi kukhala tcheru nthawi zonse, ndi maganizo odziimba mlandu. Anati zimenezi zikachitika masabata oyambirira pambuyo pa ngozi n'zachibadwa ndipo ambiri zimawathera zokha, koma zikapitirira mwezi n'kumasokoneza ntchito ndi banja, pamenepo ndi matenda ofuna chithandizo. Anawonjeza kuti kwa ena zimadikira miyezi zisanaonekere, monga zinachitira kwa ine.

Ndinawafunsa funso la amalume lija, la mayi wa tomato. Yankho lawo ndi limene ndinalipira ndalama zanga, kunena zoona. Anati choyamba, inu bambo simudziwa mmene mayi ameneyo amagonera usiku. Chachiwiri, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse amakumana ndi choopsa chachikulu m'moyo wawo, koma amene amadwala PTSD ndi ochepa, ndipo padziko lonse ndi anthu pafupifupi 4 mwa 100 amene anadwalapo. Sizitengera kulimba mtima kapena kupemphera. Zimatengera zinthu monga kuyandikira kwa imfa, zimene maso anaona ndi manja anagwira, zoopsa zina zimene munthu anakumana nazo kale, ndiponso mmene anthu omuzungulira anamulandirira pambuyo pake. Mfundo yomalizayi anaibwereza: munthu amene akusekedwa ndi kuweruzidwa amachedwa kuchira kuposa amene akumvetseredwa. Anandiuzanso kuti dzina la matendawa linalowa m'mabuku a madokotala ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam. Ndinaseka koyamba m'chipindamo, poganiza amalume akuuza msilikali wobwera kunkhondo kuti mwamuna salira.

Maulendo oyambirira anali ophunzira kudzigwira. Kupuma mpweya pang'onopang'ono, kuutulutsa nthawi yaitali kuposa poukoka. Kutchula zinthu zisanu zimene ndikuona, zinayi zimene ndikukhudza, zitatu zimene ndikumva, mpaka maganizo abwerere m'chipinda chimene ndili. Ndivomereze kuti poyamba ndinaziona zachibwana, ndipo mpaka lero sindikuganiza kuti zimachiza kanthu pazokha. Ntchito yake ndi kukugwira kuti usathawe panja ndi mwana usiku. Pamenepo zimathandiza.

Ntchito yeniyeni inayamba tsiku limene anatulutsa chingwe. Chinali chingwe wamba cha sisalo, anachiyala pansi kuchokera kukhomo mpaka kuwindo, mbali ina n'kuisiya yokulungidwa. Anati apa poyambira ndi pamene munabadwa, chokulungidwacho ndi masiku amene simunafike. M'kabasiketi munali maluwa apulasitiki ndi miyala. Duwa pa chabwino chilichonse, mwala pa choipa chilichonse, motsatana ndi zaka. Ndinaika duwa pa tsiku limene ndinakhoza mayeso a Sitandade 8, mwala pa imfa ya bambo anga, mwala wina pa njala ya 2002 pamene tinkadya gaga kumudzi, duwa pa ukwati, maluwa pa ana. Titafika pa 2023 ndinayang'ana m'basiketi ndipo miyala yonse inali yaing'ono. Mayiwo anaona. Anati, "Pitani panja, bambo, mukasankhe nokha." Ndinakatola chibuma cha konkire pafupi ndi mpanda, ndinalowa nacho anthu apabenchi akundiyang'ana, n'kuchiika pachingwepo. Kenako anandiuza kuti ndiime kukhomo ndione chingwe chonse. Chibumacho chinali chachikulu ndithu, koma chinali pamalo amodzi, kumbuyo kwake kuli maluwa, kutsogolo kwake kuli chingwe chotsala.

Njira imeneyi anati inakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Konstanz ku Germany ndipo inayesedwa pakati pa othawa nkhondo ku Uganda, anthu amene zoopsa zawo si chimodzi koma zambiri zotsatizana. Chingwecho ndi poyambira chabe. Maulendo otsatira mumatenga mwala umodzi umodzi n'kuufotokoza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, pang'onopang'ono, osadumpha. Pamene ndinkafuna kuthamanga, kunena kuti basi tinamupeza, iwo ankandibweza. Khasu linali m'dzanja liti? Kunali kuwala kotani? Munamva fungo lanji? Panopa pamene mukunena izi, m'thupi mukumva chiyani, pati? Ankalemba zonse, ndipo ulendo wotsatira ankandiwerengera kuti ndikonze pamene palakwika.

Anandifotokozera chifukwa chake. Munthu akakhala pakati pa imfa, ubongo umasunga phokoso, fungo ndi mantha mwamphamvu kwambiri, koma osalembapo tsiku ndi malo. Ndiye fungo la dothi likabwera, thupi silidziwa kuti zimenezo ndi za ku Chilobwe mu 2023, limangoti ndi pano, ndi lero. Kufotokoza mwadongosolo kumamangirira zidutswazo pa tsiku lake. Ine monga wowotcherera ndinazimva chonchi: zitsulo zilipo zonse, zodulidwa kale, koma zili mbwee pansi ndipo aliyense wodutsa zikumucheka, ntchito ndi kuzilumikiza kuti zikhale geti limene ungatseke ndi kutsegula.

Musanamizidwe, gawo limeneli ndi lowawa. Masabata amene tinali pa chibuma chija maloto anachuluka, ndipo Lachitatu lililonse ndikatuluka ndinkalephera kubwerera kushopo. Mayiwo anandichenjeza pasadakhale kuti zidzatero ndipo anandipempha kuti ndisasiyire pakati, poti kusiyira pamenepo kuli ngati kutsimikizira thupi kuti nkhaniyi ndi yosakhudzika. Chimene ndinawayamikira n'chakuti sankandilola kutuluka ndikunjenjemera. Nthawi ikatha koma ine ndisanakhazikike, ankapitiriza, wapabenchi adikire. Tsiku lina ine ndi amene ndinadikira chifukwa cha wina, ndipo sindinadandaule.

Za mankhwala sapereka iwo, amakutumizani kwa dokotala wa pachipatala pomwepo. Ine ndinapempha mapiritsi ogonetsa, aja ambiri timawadziwa kuti valiyamu. Dokotalayo anandikaniza, n'kundiuza kuti thupi limawazolowera msanga, kusiya kwake kumavuta, ndipo sachiza vuto limeneli. Anandipatsa fluoxetine, n'kundichenjeza kuti amatenga masabata angapo asanayambe kugwira ntchito ndiponso kuti ndisadzasiye mwadzidzidzi popanda kuonana naye. Masiku oyamba ankandichititsa nseru ndi mutu. Pambuyo pake ukali unatsika. Sindinganene kuti aliyense amafunika mankhwala, mlangiziyo anati ambiri amachira ndi kulankhula kokha, koma ndinakonda kuti awiriwa ankagwirizana, wina sankanyoza ntchito ya mnzake.

Pamenepa m'pamene panachitika cholakwika chachiwiri. Dokotalayo analemba zonse m'kabuku kanga ka kuchipatala, dzina la matenda ndi mankhwala, osandifunsa. Kabuku kameneka kunyumba kamakhala m'chikwama chimodzi ndi timabuku ta ana, ndipo aliyense wopita ndi mwana kusikelo amatsegula chikwamacho. Mlamu wanga anakawerenga, anafufuza pafoni dzina la mankhwalawo, ndipo pofika Lamlungu abale onse anali atamva kuti ndikumwa mankhwala a amisala. Ndikumvetsa kuti dokotala wina adzafunika kudziwa zimene ndikumwa. Koma akanandiuza kuti akulemba chiyani, ndikanadziwa posunga kabukuko.

Chimene chinakonza zimenezi, mwa zina, ndi ulendo umene mlangiziyo anaitana mayi akunyumba. Ine ndinkakana, iwo anati sakakamiza koma akuona kuti zingathandize. Mkazi wanga analowa atakwinya nkhope, poti iyenso anali atatopa nane ndipo mawu a amayi ake anali atamulowa. Mlangiziyo sananyoze za mizimu kapena za mapemphero. Anati, "Mayi, kupemphera pitirizani, ndipo ngati kubanja mukufuna kukonza mwambo wokumbukira malemu, chitani, zimathandiza kulira. Koma abambowa sanagwidwe ndi chilichonse. Thupi lawo likuchita zimene linaphunzira usiku umene linakupulumutsani inu ndi ana." Mkazi wanga anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anayamba kufotokoza kuti iyenso sapita kumtsinje kukachapa, ndipo akamva madzi akuthamanga m'ngalande miyendo imalobodoka. Chaka chathunthu m'nyumba imodzi, ine osadziwa. Anamuphunzitsa choti achite ndikadzuka usiku: asandigwire modzidzimutsa, ayatse tochi, anditchule dzina, andiuze dera limene tili ndi chaka chake.

Tinathera ulendo wina wonse pa nkhani ya anthu. Apa mayiwa ndi katswiri. Sanandiuze kuti ndiziwakhululukira kapena kuti ndisamawamvere, zimene aliyense amanena koma palibe amazitha. Anandiuza kuti ndiwagawe. Pali amene ayenera kudziwa zonse, ndipo ndi ochepa kwambiri. Pali amene ayenera kudziwa chiganizo chimodzi. Pali amene sayenera kudziwa kanthu. Tinakonza chiganizocho pamodzi n'kuchiyeserera, iwo akuchita ngati mnzanga wakushopo, ndipo ankatha kunyoza mochititsa manyazi. Chiganizo changa chinali chakuti: "Ndinakumba mng'ono wanga m'matope, thupi langa silinaiwale, ndikulandira chithandizo." Tsiku limene ndinachinena kushopo, wina atayamba za a Namondwe, panali zii. Dzinalo silinatheretu, pali mmodzi amene amalitchulabe, koma oseka anachepa, ndipo mnyamata wina amene kwawo ndi ku Phalombe ananditsatira kuseri n'kundiuza kuti agogo ake mpaka lero sagona mvula ikamagwa chichokereni napolo wa 1991.

Kwa mkulu wa mpingo uja sindinanene kanthu. Ali m'gulu lachitatu.

Madandaulo ena ndi aang'ono koma alipo. Mlangizi ndi mmodzi yekha, ndiye akaitanidwa kumaphunziro kapena akadwala, chipinda chimatsekedwa. Zinachitika ndili pakatikati pa gawo lowawa lija, ndinafika n'kupeza loko, palibe amene anandiimbira, ndalama ya minibasi yapita. Mapepala a mafunso amene amakupatsa poyamba ndi a Chingerezi, iwo amachita kumasulira pakamwa, ndipo amene sukulu inawavuta amachita manyazi asanayambe n'komwe. Amatsegula nthawi ya ntchito yokha, ndiye waganyu ayenera kusankha pakati pa uphungu ndi ndiwo za tsikulo. Ndipo mukamaliza, mwamaliza. Palibe foni yokufunsani kuti mvula yayamba, muli bwanji. Ndinawafunsa ngati pali gulu la amuna opulumuka ku namondwe loti tizikumana, anati akhala akulifuna koma malo ndi nthawi palibe. Anandiuza za ku Zimbabwe, kumene dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench, agogo aakazi ophunzitsidwa amene amakhala pabenchi kunja kwa zipatala kumvetsera anthu, ndipo anati njirayi yayesedwaponso ku Malawi kuno. Ndinawauza kuti benchi imeneyo ndiye yabwino, osati yawoyi. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

Kodi ndinachira? Ndimagona nsapato zili pakhomo. Khoma sindiligwiranso. Ku Chilobwe ndinapitako masana, ndi mkazi wanga, monga mbali ya ntchito imene anatipatsa, ndipo ndinaima pamene panali nyumba mpaka mtima unatsika wokha. Mvula yamphamvu ya usiku imandidzutsabe, ndipo mwezi wa Malichi ndimakhala wosachedwa kupsa mtima, koma ndimadziwa chimene chikuchitika ndipo ana sathawiranso kwa aneba. Apongozi amati ndi mwambo umene tinachita kumudzi umene unandichiza. Sinditsutsana nawo.

Amene mulibe ndalama yolipira musaganize kuti njira yatsekeka. Ku Gulupu, kuchipatala cha Queen Elizabeth, kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo m'zipatala za maboma mumapezeka anamwino ophunzira za matendawa. A ku Mzuzu ndi ku Lilongwe muli ndi a Saint John of God. Ku Zomba kumene timaopsezana nako kuja ndi chipatala ngati china chilichonse, ndipo ambiri a vuto ngati langali safunika kugonekedwa n'komwe. Ngati maganizo odzipha afika, musadikire Lachitatu la munthu, pitani kuchipatala chimene chili pafupi tsiku lomwelo ndipo muuze wina wapanyumba.

Kachipatala kanga aka ndikapatsa zinayi mwa zisanu: mayi a m'chipinda chakumapeto zisanu zonse, khonde ndi tebulo lolandirira anthu chimodzi. Mukapita, funsani za kuchotserako mtengo, pemphani nambala ya mlangiziyo kuti muzitsimikiza ngati alipo musanakwere minibasi, ndipo muuzeni dokotala akuonetseni zimene akulemba m'kabuku. Mukafika patebulo, yambani ndinu kulankhula, munene kuti mwabwera kwa mayi a chipinda chakumapeto, mtsikana uja asanakufunseni mokweza.